Musanagule servo ya ma kg ambiri, funsani kaye amene ayidyetse

Anzanga a timagalimoto toyendetsa ndi rimoti tokwera miyala, lero mundipirire, ndilankhula mosapsatira. Zimene ndinaona Loweruka lapitali kumiyala ya m'munsi mwa phiri la Soche zikundiwawabe mpaka pano.

Achimwene ena, dzina sinditchula, akudzidziwa okha, anatisowetsa mtendere pa gulu la WhatsApp ndi zithunzi za servo yawo yatsopano, kamota kamene kamakhotetsa matayala akutsogolo. Katoni ajambule cha kuno, ajambule cha uko, mphamvu yake ya 35kg yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zofiira. Ati yabwera pa basi kuchokera ku Joni, ati tsopano mwala woti uwaletse kulibe mu Blantyre muno. Chabwino. Tafika pamalo paja pali miyala iwiri yosiya kampata pakati, tayala lakutsogolo lalowa mumpatamo, lakanirira. Iwo kupotokola chiwongolero cha rimoti mpaka kumapeto. Tinyali takutsogolo tinazilala, galimoto inanjenjemera, kenako zii. Patapita kamphindi inadzuka yokha. Apotokolenso, chimodzimodzi. Ndiye amvekere, "Andibera anthu amenewa, servo iyi ndi ya feki." Madzulo omwewo uthenga pa gulu: akufuna wodziwa kumene angapeze ya 60kg.

Ya 60kg! Pa galimoto imene ikulephera kudyetsa ya 35kg!

Ndinawauza pomwepo kuti achimwene, servo yanuyi ilibe mlandu, ikufa ndi njala. Yankho lake anangoti batire ndatchaja usiku wonse, lili fulu. Apa mpamene mtima wanga unakwera, chifukwa yankho limeneli ndalimva kwa anthu ambiri pagulu pathu pano ndipo latopetsa. Batire lidzaze mpaka litayikire, servo siikoka moto kuchokera ku batire mwachindunji. Moto umachoka ku batire, umalowa mu ESC, kabokosi koyendetsa mota ya galimoto, mkati mwa ESC muli kachipangizo kotchedwa BEC kamene kamatsitsa moto uja n'kuupereka ku risiva, yolandira uthenga wa rimoti, ndipo servo imadya pa risivapo. Kachipangizo kameneko ndi kamene kakulamula. Pa magalimoto ambiri ogula okonzakonza, BEC imatulutsa 5V kapena 6V basi, ndipo ma amp ake ndi ongokwanira servo imene inabwera ndi galimotoyo. Inu mwachotsa imeneyo, mwaikapo chimphona. Tayala likakanirira pamwala chimphonacho chimakoka ma amp angapo nthawi imodzi, zina zamphamvu zimapitirira 5A. BEC imagonja, moto umagwa, risiva imazima n'kudzukanso. Zii uja ndi ameneyo. Tinyali tija tikamazilala mukakhota, galimoto ikukuuzani poyera kuti moto wachepa, koma inu maso ali pa katoni.

Zili ngati kulemba waganyu wadzitho woti akuphwanyireni miyala tsiku lonse, n'kumupatsa nthongo imodzi ya nsima, akakomoka inu n'kumati ndikasake wina wamkulu kuposa uyu. Wachiwiriyo mumupatsa chiyani?

Servo ndi moto. Ndibwerezenso poti ena mumawerenga mothamanga: mphamvu ya servo ili mu moto umene mukuipatsa. Nambala ya pa katoni ndi lonjezo chabe, ndipo lonjezolo lili ndi mfundo zake zolembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono kumbuyo, timene palibe amawerenga. Tembenuzani katoniyo. Mupeza mizere iwiri kapena itatu: mphamvu yake pa 5V kapena 6V, mphamvu yake pa 7.4V, zina mpaka pa 8.4V. Nambala yaikulu imene aika kutsogolo ndi ya mzere wa moto wambiri. Inu galimoto yanu ikupereka 6V, mwinanso ikukanika kuisunga 6V yomweyo, ndiye 35kg ija simunaionepo chigulireni, ndipo simudzaiona.

Ndiponso 35kg imeneyo mukuimva bwanji? Ena amaganiza kuti ndiye kuti tayala likukankhidwa ndi makilogalamu 35. Ayi. Muyezo wake ndi kg-cm: kulemera kumene servo ingagwire pa mtunda wa sentimita imodzi kuchokera pakati pa shafti yake, itaima nji, ikukanika kusuntha. Kamkono kamene mumamanga pa servo, horn ija, kakakhala kotalika masentimita 2, mphamvu yofika pa ndodo ya chiwongolero yatsika ndi theka. Ndiye munthu amagula servo yodula, n'kumangapo horn yaitali poti ikuoneka bwino pa chithunzi, n'kumadabwa. Makampani a ku America amalemba mu oz-in, pamene 1 kg-cm ndi pafupifupi 14 oz-in, choncho musanjenjemere mukaona 400, imeneyo ndi 29kg chabe.

Taonani chitsanzo chimene aliyense wa ife akuchidziwa. Galimoto ya Traxxas TRX-4 imabwera ndi servo ya 2075X, ya 125 oz-in, kutanthauza pafupifupi 9kg. Kampani yomweyo imagulitsa ma servo okulirapo, 2250 ya 330 oz-in ndi 2255 ya 400 oz-in. Ndipo imagulitsanso BEC yapadera, nambala 2262, yoti muike pamodzi ndi ma servo amenewo. Mukuganiza kuti anaipangira chiyani? Eni ake opanga galimoto akuvomereza okha kuti servo yaikulu imafuna chakudya chake. Koma ife a ku Chilobwe ndi ku Machinjiri ndiye odziwa kuposa iwo, tingosomeka basi, Mulungu aona.

Safunsa anadya phula. Pa gulu pathu pali anthu okonza mafoni ndi mawailesi, ena amagwira ntchito za magetsi ku Makata, multimeter ili m'chikwama tsiku lililonse. Ndi ndani anayamba wakanizidwa kuyezeredwa? Kungosomeka mita pa risiva, wina agwire matayala akutsogolo ndi dzanja, wina akhote, muone nambala ikugwa. Ntchito ya mphindi zochepa, yaulere. Koma ayi, kufunsa ndi manyazi, bola kutumiza madola ena kunja. Kaya ndi mavidiyo a pa YouTube akutipusitsa, kaya ndi matama, zimenezo mudziwa nokha.

Ndipo ndalama zake zikupweteka. Zinthu izi timaitanitsa kunja, kuzilipira mu madola kapena ma rand. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza. Uchonderere wachibale wa ku Joni, ulipire wa basi, ulipire msonkho, udikire. Zonsezo kuti katundu afike, umusomeke pa BEC yanjala, uyambe kutukwana wogulitsa amene sanakulakwire. Ndalama ya servo yachiwiriyo ikanakwana kugula BEC yabwino, mwinanso n'kutsala ya mafuta opitira ku Michiru.

Sindikunena kuti servo ya 35kg ndi yoipa, musandinamizire mawa pa gulu. Galimoto ya 1/10, yochepa kakhumi poyerekeza ndi yeniyeni, imene mwaiika matayala ofewa a malimu a mainchesi 1.9, mwawonjezera zitsulo za mkuwa kutsogolo kuti isagudubuzike pokwera, imafunadi servo yamphamvu kuposa yobwera nayo. Kulemera konseko kuli pa matayala akutsogolo, ndipo mukukhota galimoto itaima, mphira itamatirira pamwala. Kwa ine servo ya magiya achitsulo, yosalowa madzi, ya pakati pa 20kg ndi 30kg, yodyetsedwa bwino pa 7.4V, imagwira ntchito yonse imene miyala ya ku Soche ndi ku Ndirande ingapereke. Liwiro lake musavutike nalo kwambiri, sitili pa mpikisano wothamanga, ife timakwawa. Chimene ndikukana ndi kuyambira pa nambala. Yambirani pa moto. Servo ya 25kg yokhuta imaposa ya 45kg yanjala, tsiku lililonse, pamwala uliwonse.

Njira zake si zachinsinsi. Ambiri tinaika kale ESC ya Hobbywing QuicRun 1080, imene BEC yake mukhoza kuisankhira 6V kapena 7.4V ndipo imapereka 3A. Pa servo yapakatikati imeneyo imakwana, koma muchite kuisintha nokha ndi kakhadi kake kosinthira, siidzikweza yokha kupita pa 7.4V. Ndaonapo anthu ali ndi ESC imeneyi chaka chonse ikadali pa 6V, kakhadi kali mu katoni pansi pa bedi, iwo akudandaula kuti servo ndi yofooka. Mukafuna zoposa pamenepo ikani BEC yapadera, monga ya Castle Creations ya 10A, yotenga moto ku batire. Pamenepo kumbukirani kuzula kawaya kofiira pa pulagi yochokera ku ESC kupita ku risiva, kuti ma BEC awiri asamalimbane pa mzere umodzi. Kulinso ma servo opangidwa kuti azidya ku batire mwachindunji, la maselo awiri (2S) kapena atatu (3S), ali ndi waya wawo wapadera. Amenewo alibe nazo ntchito za BEC. Koma musatenge servo wamba n'kuilumikiza ku 3S, batire limenelo likadzaza ndi 12.6V, mungomva fungo.

Ndipo inu a TRX-4, musangokweza moto wa risiva yonse chifukwa ndanena 7.4V. Muli ndi tima servo ting'onoting'ono titatu totseka ma diff (magiya ogawa mphamvu ku matayala) ndi kusintha giya, timene tinapangidwira 6V. Dyetsani servo ya chiwongolero payokha, tinato tisiyeni pa moto wake. Izinso n'zofunsa, osati zongoyerekeza.

Chinanso chimene chinandinyansa tsiku lija. Galimoto ya achimwenewo, ngakhale pamalo osalala, akakhota mpaka kumapeto servo imalira kuti nziii, osaleka. Aliyense amene anali pafupi anamva. Iwo amvekere ndi mmene zimalirira za digital. Inde, za digital zimang'ung'udza pang'ono, koma kulira kumeneko kunali kwa servo imene ikukankha chitsulo chimene chafika kale pamapeto. Matayala afika pomwe sangapitirire, servo ikukankhabe, ikukoka moto wonse, ikutentha. Rimoti iliyonse yabwinoko ili ndi EPA, pochepetsera malire a kumanzere ndi kumanja. Mumakhota mpaka tayala lifike pamapeto, n'kubweza pang'ono mpaka kulira kuleke, mbali zonse ziwiri. Basi. Osachita zimenezi, servo ya ma kg ambiri ndiye imawononga msanga: imapinda ndodo, imathyola pomangira pake pa chassis, kapena imadziwotcha yokha. Mphamvu mwagula ija ikuphwanya galimoto yanu yomwe.

Musanaloze chala servo, masulani horn, mugwedeze matayala ndi dzanja galimoto ili m'mwamba. Akuyenda mofewa? Fumbi la mu October likalowa m'timipira ta ndodo za chiwongolero, kapena mwamanga tibawuti mopitirira muyezo, chiwongolero chimalimba chokha. Servo ikulimbana ndi dothi la ku Bangwe isanakumane n'komwe ndi mwala. Pamenepanso nambala ya pa katoni siikupulumutsani.

Za horn ndisanene zambiri, mutu ungandipweteke. Servo ya 35kg pa horn ya pulasitiki, mano ake amatha tsiku lomwelo. Gulani ya aluminiyamu yomanga ndi kabawuti m'mbali. Ndipo werengani mano: Futaba, Savox ndi Traxxas ndi mano 25 (25T), Hitec nthawi zambiri 24T, JR ndi 23T. Ya 24T pa shafti ya 25T siilowa, ndipo ya 25T pa shafti ya mano ochepa imalowa ngati yakwana kenako n'kuyamba kuterereka. Wina pa gulu anachita kukhoma ndi hamala. Hamala, pa servo! Komanso ambiri mwa ma servo otchipa a 60kg amene mukuwaona pa intaneti ndi a magalimoto akuluakulu a 1/5, thupi lake ndi lalikulu, pamalo a servo wamba ya mamilimita 40 kutalika ndi 20 m'lifupi silingalowe. Ena ndi a 270 degrees, opangira maloboti. Koma poti palembedwa nambala yaikulu, dinani, lipirani.

Ndiye pali khalidwe ili layamba pa gulu, limene ndikufuna a admin alione. Munthu wawotcha servo chifukwa cha EPA, kapena waimiza mu Mudi poti palembedwa kuti siilowa madzi, yayamba kunjenjemera pakati, mawa lake waipukuta bwinobwino, waibwezera mu katoni: "Ikugulitsidwa, yagwira ntchito pang'ono, ngati yatsopano." Amagula ndani? Ana a sukulu amene angoyamba kumene, amene asonkhanitsa ndalama ya thiransipoti miyezi kuti akonze ka galimoto kawo. Mwana wa ku Zingwangwa uja anabwera ndi servo yotero, itatsegulidwa mkati muli dzimbiri, bolodi yakuda mbali imodzi, kununkha kupsa. Wogulitsa foni sakuyankha, koma pa gulu akutumiza zithunzi za matayala atsopano. Amwene, tikukuonani. Mubweze ndalama ya mwanayo.