Mwana wa Fomu 1 wosatha kuwerenga si katundu wa mphunzitsi wa Chingerezi yekha

Aphunzitsi anzanga a kusekondale, makamaka inu a m'masekondale oyendera a m'madera (CDSS), nkhani iyi timaidziwa tonse koma timangoidandaulira m'sitafurumu. Chaka chilichonse mu Fomu 1 mumalowa ana amene anakhoza mayeso a Sitandade 8 (PSLCE) n'kusankhidwa bwinobwino, koma mukawapatsa ndime imodzi ya m'buku la Biology kapena Agriculture amadodoma pa mzere woyamba. Ena amatchula mawu onse mosaphonya, koma mukafunsa kuti ndimeyo ikunena chiyani, kalasi yonse ziii.

Gwero lake si lobisika. Mwana amaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, ndipo akalowa Sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa amatembenukira ku Chingerezi. National Reading Programme, ndondomeko ya boma yophunzitsa ana kuwerenga imene inayamba mu 2016, inalunjika pa Sitandade 1 mpaka 4. Kupitirira apo timangoyesa kuti kuwerenga anathana nako kale. Ndipo ambiri a ife amene tinadzera ku Domasi, ku Nalikule kapena ku yunivesite tinasulidwa kuphunzitsa phunziro lathu, osati kuphunzitsa mnyamata wa zaka 15 kuwerenga.

Maganizo anga ndi akuti wekishopu ya masiku atatu singathetse vutoli, ngakhale ophunzitsawo atakhala akatswiri chotani. Mmodzi amapita, kawirikawiri wa Chingerezi, nthawi zina wosaphunzitsa n'komwe Fomu 1. Amabwera ndi fayilo, amapatsidwa mphindi 30 kumapeto kwa msonkhano wa aphunzitsi anthu atatopa, basi zathera pomwepo. Luso lophunzitsa silisamuka chotero. Limafuna kuti munthu ayese m'kalasi mwake, mnzake aone, akambirane, ayesenso. Zimenezi zimatheka pa sukulu pomwepo, ndi gulu la anthu amene akuphunzitsa ana omwewo.

Gululo lisapangidwe potsata dipatimenti. Likhale la aphunzitsi anayi mpaka asanu ndi mmodzi amene amalowa m'kalasi imodzi ya Fomu 1: wa Chingerezi, wa Chichewa, wa sayansi, wa masamu, wa Geography kapena History. Ndipo a hedi, apa ndi panu. Perekani mapiriyodi awiri otsatizana, mphindi 80, kamodzi pa masabata awiri, olembedwa pa thayimutebulo ngati phunziro lina lililonse. Mukanena kuti azikumana akaweruka ndiye kuti mwaipha ntchitoyi isanayambe, chifukwa masana ena amaphunzitsa ku open sekondale, ena kwawo n'kutali.

Gulu likakhala pansi lisayambe ndi njira zophunzitsira. Liyambe ndi kudziwa kuti ana ake akuwerenga bwanji, mwana mmodzimmodzi, m'masabata awiri oyamba a teremu yoyamba. Tengani ndime ya mawu 100 m'buku limene anawo azigwiritsa ntchito chaka chino, ndi ina ya Chichewa yotalika chimodzimodzi. Mwana awerenge mokweza, inu muli ndi pepala lanu la ndime yomweyo, mukudula mzere pa mawu alionse amene walakwitsa, wadumpha kapena mwachita kumuuza. Lembani nthawi imene watenga. Kenaka mafunso atatu apakamwa: awiri amene yankho lake lili poyera m'ndimemo, limodzi lofuna kuti alumikize mfundo ziwiri. Zonsezi zimatenga mphindi zisanu. Kalasi ya ana 80 ndi mphindi 400, mukagawana anthu asanu aliyense mphindi 80. Mwana wolakwitsa mawu oposa 10 pa 100 sangaphunzire kanthu m'buku limenelo payekha, ngakhale mutamubwereka kuti apite nalo kunyumba.

Apa pali zinthu ziwiri zimene zimawononga. Kumuyesa mwana pamaso pa anzake ndi kumuvula. Wa msinkhu umenewu amalolera kujomba kusiyana ndi kusekedwa, makamaka amene anabwerezapo makalasi ndipo ndi wamkulu kuposa anzake. Mutengereni pansi pa mtengo, awiriwiri. Chinacho ndi kusiyana kwa kachongedwe. Wina amadula mzere mwana akasokoneza l ndi r, wina sadula, ndiye manambala anu sakutanthauza kanthu. Yambani ndi kumvetsera ana atatu nonse pamodzi, yerekezani mapepala, gwirizanani. Katchulidwe kathu ka Chimalawi si kulakwitsa.

Ndime ya Chichewa ija ndi imene imakuuzani matenda enieni. Wodutsa bwino m'Chichewa koma wogwa m'Chingerezi amatha kuwerenga, chimene akusowa ndi mawu a chiyankhulocho. Wodutsa konse kuwiri mwaliwiro koma wolephera mafunso sanaphunzitsidwe kuima n'kudzifunsa ngati wamva. Wogwa konse kuwiri sanagwire maliwu ndi maphatikizo, ndipo ameneyu ndi amene amabisala kwambiri, chifukwa amakopera notsi zoyera bwino ndi kuloweza. Kumadera monga Rumphi, Mangochi kapena Nsanje, kumene ana ambiri pakhomo amayankhula Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, musafulumire kugamula ndi ndime ya Chichewa yokha. Magulu atatuwa mankhwala awo ndi osiyana, ndipo kuwaunjika onse m'kalasi imodzi yobwereza galamala ndi kutaya nthawi.

Za ana ogwa konse kuwiri aja ndili ndi mawu kwa ife a madigiri. M'ma CDSS ambiri muli aphunzitsi amene anachokera ku pulayimale, anadzera ku koleji ya aphunzitsi a pulayimale (TTC), ndipo nthawi zina timawayang'anira pansi. Pa ntchito iyi iwowa ndiwo akadaulo athu, chifukwa kuphunzitsa maliwu ndi kulumikiza maphatikizo anakuchitapo ndi manja awo. Apatseni ana osaposa 10, mphindi 20 mpaka 30, katatu kapena kanayi pa sabata, ndipo achotsereni mapiriyodi ena kuti ntchitoyi isakhale chilango. Ngati pa sukulu palibe wotere, alangizi a maphunziro a pulayimale (PEA) ku likulu la zoni (TDC) lapafupi amadziwa mphunzitsi wa Sitandade 1 kapena 2 amene angabwere kudzakuonetsani. Koma musabwereke mabuku a Sitandade 2. Mtsikana wa zaka 16 mukamupatsa nthano ya ana a mkaka sabweranso. Lembani nokha ziganizo zosavuta pa nkhani za msinkhu wake: mpira, malonda, ulimi, foni.

Kwa kalasi yonse, gulu la aphunzitsi lija lisankhe njira ziwiri kapena zitatu zokha pa teremu, ndipo aliyense azichita zomwezo m'phunziro lake, mphindi 10 mwa 40. Musanawerenge, phunzitsani mawu asanu kapena asanu ndi amodzi. Timakonda kufotokoza mawu akuluakulu a sayansi, pamene amene amagwetsa ana ndi timawu tolumikiza monga however, whereas, as a result, ndi mawu olamula a m'mafunso a MANEB monga state, describe, explain. Mwana amene sadziwa kuti explain akufuna chifukwa amataya malikisi pa zinthu zimene akuzidziwa. Kenaka mphunzitsi awerenge ndime mokweza, akuima n'kunena zimene zikuchitika m'mutu mwake: apa "it" akuimira chiyani, apa ndasokonezeka ndibwerere m'mbuyo. Ana awerengerane awiriwiri, akambirane, aliyense alembe chiganizo chimodzi m'mawu ake. Kukambiranako aloleni achite m'chiyankhulo chawo, kulembako m'Chingerezi. Ndikudziwa kuti sukulu zambiri zili ndi lamulo loletsa Chichewa, koma mwana woletsedwa kuganiza mokweza m'chiyankhulo chimene amachidziwa amangokhala chete, ndipo inu simudziwa pamene watayikira.

Wina anena kuti mabuku alipo 10 ana 80. Zoona. Lembani ndimeyo pa tchati kapena pa bolodi kalasi isanayambe, m'malo mwa notsi zija timadzaza bolodi lonse. Ndipo 10 amenewo atuluke m'kabati. Wina anena kuti silabasi sitimaliza. Kuthamangitsa silabasi pa ana osamva zimene akuwerenga kuli ngati kuthira feteleza wobereketsa m'munda umene chimanga sichinamere. Mitu mudzaichonga m'sikimu kuti yatha, koma pa mayeso a Fomu 2 (JCE) idzaoneka kuti sinalowe.

Kuonererana ndiye mtima wa zonsezi, komanso ndi pamene magulu ambiri amafera. Anzathu a masamu ndi sayansi amene anadzera mu SMASSE, maphunziro osula aphunzitsi a maphunziro awiriwa, akuidziwa kale njira yokonza phunziro pamodzi, mmodzi n'kuphunzitsa, ena akuona, kenaka n'kulikonzanso. Tiyeni tiibwereke. Kusiyana kwake, oonererawo asayang'ane mphunzitsi. Aliyense asankhe ana atatu, mmodzi m'gulu lililonse mwa magulu atatu a ana aja, alembe zimene anawo achita pa mphindi 10 zija: watsegula pakamwa kapena wangogwedeza milomo, chiganizo chake ndi chake kapena wakopera. Pasakhale fomu yopita m'fayilo ya munthu. Tsiku limene mkulu wa dipatimenti adzagwiritse ntchito zimenezi poyeza mphunzitsi, aliyense adzayamba kukonza phunziro lachionetsero ndipo choona simudzachionanso. Pa mkumano wotsatira pabwere makope asanu ndi limodzi, awiri a gulu lililonse, muyale pa tebulo, muwerenge zimene ana alemba. Mkumano wopanda makope umasanduka wodandaula za malipiro, ndipo madandaulowo ngakhale ali oona ali ndi bwalo lake.

Katswiri wochokera kunja ndi wofunika, koma abwere kamodzi pa teremu pa mkumano wa kilasita kudzayankha mafunso amene magulu apeza okha, atalowa kaye m'kalasi yeniyeni ya ana 80. Kwa a unduna ndi mabungwe othandiza maphunziro, gawo la ndalama zimene zimathera ku malo ogona ndi maalawansi lipite ku mapepala, matchati, zolembera ndi madikishonale a m'kalasi.

Kumapeto kwa teremu yesaninso ana aja ndi ndime ina yolimba mofanana, osati yomwe ija, chifukwa ena anailoweza. Zotsatira zonse, mayina, manambala ndi njira zimene munayesa, zilowe m'kope limodzi lachikuto cholimba losungidwa mu ofesi, kuti mnzanu akasamutsidwa wobwerayo apeze poyambira. Mukapeza mwana amene wabwera mokhulupirika teremu yonse koma sanasunthe, muunikeni maso ndi makutu musanawonjezere maphunziro ena, ndipo itanani makolo mukambirane zomutengera kuchipatala.