Mawu amene mwana wanga anabwera nawo kuchokera ku mkombaphala

Abale anga, nkhaniyi yandikhala pamtima kwa masabata atatu, ndiye lero ndati ndiitule pano.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zinayi, amapita ku sukulu ya mkombaphala ya pafupi ndi kwathu kuno ku Lilongwe. Tsiku lina madzulo ndikumusambitsa anangoti, "Amayi, kusukulu kwabwera napwere, ndiye ife sitikudya naye phala." Thupi lonse linandizizira. Ndinamufunsa dzina la mwanayo, iye anati sakulidziwa. Masiku anayi akukhala naye pamphasa imodzi, dzina osalidziwa, koma mawu onyoza munthu wachialubino atawagwira kale bwinobwino. Nditafunsitsitsa anandiuza kuti mnzake wina wawachenjeza kuti akamukhudza nawonso ayera, komanso kuti anthu otere samwalira, amangosowa.

Mwana wa zaka zinayi sangapeke zimenezi. Anazitola kwa ife akuluakulu, pamjigo, m'minibasi, pakhonde tikamacheza n'kumaganiza kuti anawo ali busy ndi masanje awo. Ndipo m'dziko lino mawu amenewa si achibwana. Tonse tikukumbukira mmene kuyambira cha m'ma 2014 abale athu achialubino ankabedwera ndi kuphedwa, manda awo kufukulidwa, mpaka anthu ena kumawatchula kuti "ndalama" akamadutsa pamsika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu achialubino oposa 134,000. Onsewa ali ndi makolo, ndipo ambiri mwa iwo manyazi oyamba anawamva pagulu la ana anzawo.

M'mawa mwake ndinapita kukaonana ndi mlezi wa kalasi yawo. Ndi mtsikana wa mtima wabwino ndithu, ndipo zomwe zinkachitika ankaziona. Njira yomwe anapeza inali yomukhazika mnyamatayo pambali pake nthawi zonse, kumudyetsera payekha, ndipo mwana aliyense akafunsa kuti "Anti, bwanji uyu ndi woyera?" ankamuyankha kuti, "Khala chete, sitifunsa zimenezo." Iye ankati akumuteteza. Koma taganizani zimene ana enawo ankaphunzirapo: kuti pa mnzawoyu pali chinthu choopsa chomwe ngakhale aphunzitsi akuopa kuchitchula.

Ine pamenepa ndiye pali maganizo anga onse. Mwana akafunsa za kusiyana kwa anthu, tizimuyankha. Funso lake silikhala ndi mwano, mwano umabwera ndi yankho lathu kapena ndi kuthawa kwathu. Mwana amaona kuti uyu ndi woyera, uyu akuyenda ndi ndodo, uyu wavala mpango kumutu, uyu akuyankhula zosamveka. Kuona kumeneko sitingakuletse. Chomwe chili m'manja mwathu ndi tanthauzo limene achiike pa zomwe waonazo, ndipo ife tikapanda kumupatsa, amupatsa ndi mnzake uja wa zoti samwalira.

Yankho lake si lovuta n'komwe. Tinagwirizana ndi mleziyo, amayi ake a mnyamatayo atavomereza, kuti awauze ana zoona zake m'mawu awo: kuti mnzawoyu anabadwa choncho, khungu lake lilibe chinthu chimene chimadetsa khungu, n'chifukwa chake dzuwa limamuwotcha msanga ndipo amavala chipewa ndi malaya a manja aatali. Kuti maso ake saona bwino patali, choncho azikhala kutsogolo. Kuti chialubino sichipatsirana ngati chimfine, mwana amachitengera kwa bambo ndi mayi ake onse awiri ngakhale iwowo akhale akuda. Mleziyo anamugwira dzanja onse akuona, kenako n'kuwaonetsa dzanja lake kuti onani, silinasinthe. Masewera a masana anawasamutsira pansi pa mtengo wa mango kuti onse akhale pamthunzi, osati iye yekha kumangoonerera ali pakhonde. Anayambitsanso kanyimbo ka m'mawa koitana mwana aliyense ndi dzina lake, enawo n'kumavomera. Palibe ndalama ina iliyonse imene inalowapo.

Ena mundiuza kuti ana ang'onoang'ono asiyeni azisewera, za mitundu ndi zipembedzo adzazidziwa akakula. Ndikanavomereza zikanakhala kuti panopa sakuzimva. Koma mverani bwino ana a m'dera lanu akamakangana. Mumva "Mchawa iwe", mumva "mbwenumbwenu", mumva "Anguru". Munthu aliyense wochokera ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka kwa iwo ndi "Mburundi", kaya kwawo ndi ku Congo kaya ku Rwanda. Mawu amenewa ana amawadziwa asanadziwe kulemba a e i o u. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndiye ngati tikudikira kuti akaphunzire kulemekezana ku sekondale, tidziwe kuti munda tidzaupeza utamera kale zina.

Nkhani ya chilankhulo imandiwawa mwapadera. Sukulu zambiri za mkombaphala za m'tauni zimadzitamandira kuti pano timayankhula Chingerezi chokhachokha, ndipo ife makolo timalipira mosangalala. Chingerezi aphunzire, sindikukana, adzachifuna. Koma mwana amene kunyumba amayankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena, akatulutsa mawu a kwawo anzake n'kuseka, aphunzitsi n'kumudzudzula, amaweruka atadziwa kuti chilankhulo cha agogo ake n'chochititsa manyazi. Dziko lino linalawapo kale zimenezi. Mu 1968 Chichewa chitakwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo kufikira lero mukacheza ndi akuluakulu a kumpoto mumva kuti bala lija silinapoleretu. Chingamuvute n'chiyani mlezi kufunsa mwana kuti kwanu moni mumati bwanji, ana onse n'kuyesera limodzi kunena "monire" kapena "ajimwiche uli"? Mwana amene anali woseketsa dzulo, lero ndiye akuphunzitsa anzake.

Zachipembedzo nazonso tinaona mmene zinatifikitsira patali. Mu 2019 ku Balaka anthu anafika pomenyana pa nkhani ya hijabu kusukulu, mpaka bungwe la zipembedzo zosiyanasiyana la PAC kulowererapo kuti Akhristu ndi Asilamu amvane. Mu 2023 linachita kunena ndi bwalo lalikulu la milandu ku Zomba kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa tsankho, inde, koma khoti silingalamule mwana kuti agawane chigumu ndi mnzake. Zimenezo zimaphunziridwa pamphasa, m'mawa uliwonse.

Alezi sindikuwaimba mlandu. M'ma CBCC, omwe ndi malo osamalirako ana kumidzi, ambiri mwa iwo ndi ongodzipereka, amasiya kumunda kwawo kukasamala ana a anzawo, ena asanapiteko ku maphunziro alionse. Munthu wotere amaphunzitsa zimene iyenso anakulira. Ngati kwawo mayi woyembekezera ankalavulira malovu pachifuwa akakumana ndi munthu wachialubino, musadabwe akamazemba kumunyamula mwanayo. Choncho pamene unduna woona za chisamaliro cha ana ndi mabungwe akuphunzitsa alezi za phala, kusamba m'manja ndi nyimbo zowerengera, aikemonso izi: mwana akanyozedwa chifukwa cha khungu, chilema, mtundu kapena chipembedzo, mlezi anene chiyani nthawi yomweyo. A bungwe la anthu achialubino la APAM alipo, aitanidwe akayankhule ndi alezi ndi makolo. Ana aonetsedwe chithunzi cha a Overstone Kondowe, amene mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anawasankha kukhala phungu woyamba wachialubino, adziwe kuti mnzawo wachipewa uja akhoza kudzawaimira ku Nyumba ya Malamulo.

Kunyumba kwanganso ndayamba kudzimvetsera. Ndinapeza kuti nthabwala zina za mitundu zomwe timaseka ndi bambo ake madzulo, mwana amakhala ali pomwepo akumva. Tazisiya.

Panopa mwana wanga dzina la mnzake uja akulidziwa, ndipo wandivutitsa mpaka ndamugulira chipewa chofanana ndi chake. Mawu aja anawatchulanso kamodzi sabata yatha, ndinamukhazika pansi n'kuyambiranso kumufotokozera. Koma amayi ake a mnyamatayo mpaka pano sabwerera kunyumba akamuperekeza. Amakhala pamwala panja pa mpanda kuyambira 7 koloko mpaka ana aweruke, maso ali pageti. Dzulo ndinakhala nawo pang'ono ndisanapite kuntchito, ndipo anandiuza kuti geni yawo ya tomato anaisiya kaye.