Mangani agalu anu, abakha aja ndi alendo

Ine zandinyansa lero. M'mawa ku Rutland Water, damu lalikulu kuno ku England, chisanu choluma zala, abakha a mtundu wa wigeon anali khamu pa udzu wa m'mphepete mwa damu, mitu pansi, akudya. Ife tinaima patali ndi zoonera mbalame, osatsokomola n'komwe. Kenako anatulukira bambo wina, chingwe atachipinda m'manja, chigalu chake chili patsogolo. Galu uja liwiro kulunjika pa abakha. Onse balala m'mwamba, kuzungulirazungulira, n'kukatera pakati pa madzi pomwe palibe udzu. Titawadandaulira, bambo aja anangoseka, amvekere galu wawo saluma, akungosewera.

Akusewera ndi ndani? Abakha aja sali pa masewera ayi. Achokera ku Russia, ku Scandinavia, ena ku Iceland, kuthawa madzi oundana kwawoko. Chakudya chawo ndi udzu, ndipo udzu sukhutitsa msanga, mpaka mbalame idye kwa maola ambiri. Mu December kuno dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, usiku n'kutalika, kuzizira osati masewera. Ndiye ukaiulutsa mbalame yotere wailanda kawiri: nthawi yodyera yapita, mafuta a m'thupi omwe imadalira usiku awotchedwa pachabe. Galu sachita kugwira bakha kuti amupweteke. Kumuthamangitsa kokhako n'kumulanda chakudya pakamwa. Iwe ukupita kunyumba kukamwa tiyi pamalo otentha, mnzako akugona pa madzi ozizira m'mimba muli pululu.

Akuti anthu sadziwa. Kusadziwa kwanji, chingwe chili m'manja? Ndi mphwayi basi.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ikafika March ambiri mwa iwo ayamba ulendo wobwerera, ndipo ulendo umenewo umafuna mphamvu zomwe akusonkhanitsa pa udzu womwewu. Damu limeneli linalowa m'gulu la malo a Ramsar, omwe ndi madambo ndi nyanja zotetezedwa ndi pangano la mayiko, mu 1991 chifukwa cha mbalame zomwezi, osati kuti agalu azikachitirako mpikisano. Malo othamangitsira galu ndi mbwee m'dziko muno. Mangani galu wanu mukafika pamadzi. Mangani, sizivuta.

Ndipo poti ndayamba, inunso okoleka timabotolo todyetsera mbalame ta mpendadzuwa ndi mtedza kuseri kwa nyumba, tsukani zinthu zanu! Ndimaona zina zitachita nkhungu, mbewu zitanyowa n'kumatana, pansi pali zitosi zokhazokha, eni ake ali kalikiliki kujambula zithunzi zoika pa Facebook. Matenda a trichomonosis, omwe anabuka pakati pa timbalame ta kuno mu 2005, amafalikira malo ngati amenewo kudzera m'malovu otsalira pa chakudya ndi m'madzi akumwa. Kambalame kamatupa kukhosi, kulephera kumeza, kamangokhala kali nyonyomalo pambali pa chakudya mpaka kufa. Mbalame yotchedwa greenfinch inachepa chifukwa cha matendawa mpaka mu 2021 anaiika pa mndandanda wofiira wa mbalame zomwe zili pachiopsezo ku UK. Ngati kutsuka kamodzi pa sabata kukukukanikani, chotsani botololo.