Lekani kuwayesa mayeso amayi anu

Ana anga, lero ndikudzudzulani, wokwiya akwiye.

Mwafika kudzazonda amayi anu amene akudwala matenda oiwalaiwala aja, a dementia. Moni simunamalize n'komwe, mwayamba kale: "Amayi, ine ndine ndani? Tatchulani dzina langa." Iwo maso pansi, zala zikupotokola nsonga ya bulangete, akusakasaka dzina limene anakupatsani okha. Inu phwete kuseka, wina foni m'mwamba kujambula zoti aike pa Facebook. Manyazi mulibe? Funsolo aiwala posachedwa, koma mantha mwawapatsawo agona nawo. Kodi kunena nokha kuti "Amayi, ndine mwana wanu, ndabwera" kumakuthyolani lilime?

Umenewu si ukalamba wamba, sakuchitiranso dala. Ubongo ndiwo ukuwonongeka. Dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza mtundu wofala kwambiri wa matendawa kale mu 1906, ndipo a bungwe loona zaumoyo la WHO amati odwala padziko lonse ndi oposa 55 miliyoni. Ena zimawayamba ndi sitiroko. Tsono akati "mwandibera ndalama", inu mumakalipirana ndi ndani? Dzukani mufune nawo limodzi, mwina zili pansi pa pilo pomwepo. Akafunsa za bambo anu amene anatisiya kalekale, musamawalengezere maliro tsiku ndi tsiku. Kwa iwo uthengawo umafika ngati wa lero, kulira kumayambiranso. Afunseni mmene anakumanirana, muone nkhope ikuwala.

Dzuwa likapendeka m'pamene ambiri amabalalika. Amamanga katundu, ati akupita kwawo, chonsecho ali m'nyumba mwawo. Chitseko muzichiyang'anira, m'thumba muwaikire kapepala ka dzina ndi nambala ya foni, mankhwala ndi machesi zikhale patali. Akasokonezeka mwadzidzidzi kuposa masiku onse, musati "ndi mmene alili". Thamangirani kuchipatala, nthawi zina amakhala matenda a njira ya mkodzo, ochizika bwinobwino.

Chondipweteka koposa n'ichi: mwamutayira mchemwali wanu mmodzi zonse. Ndiye amasambitsa, ndiye amachapa zofunda zonyowa, ndiye amadzuka pakati pa usiku chitseko chikalira, ndiyenso amatchedwa wakuba ndi mayi womubereka. Inu ntchito yanu ndi kuimba foni n'kumafunsa chifukwa chake amayi awonda. Mwamuona iyeyo mmene wathera? Loweruka likubwerali mmodzi wa inu akagone kumeneko, mwanayo apeze tulo.