Wosauka si dzala lotayirapo nsanza zanu

Ndakwiya, ndipo lero ndilankhula. Amene zimukhudze zimukhudze basi.

Ambiri a inu mukudziwa kuti ndimasoka zofunda za zigamba, zija anzathu akunja amazitcha quilt. Sindigulitsa ayi, n'chinthu chimene mtima wanga umakonda, ndipo pali amayi anzanga angapo amene timakumana Loweruka masana n'kumasoka limodzi. Zikachuluka timakapereka kuchipatala, kwa amayi amene ali ndi makanda obadwa masiku asanakwane, zina timapatsa agogo amene akulera ana amasiye. Popeza June wayandikira, tinalengeza pa gulu lathu la WhatsApp kuti amene ali ndi nsalu zotsala atithandize. Tinalemba momveka bwino kuti tikufuna nsalu ya thonje, yochapa, yolimba. Ndiye dzulo kwafika mayi wina pa galimoto yake yonyezimira, mnyamata wake wantchito atanyamula matumba awiri a feteleza odzaza mpaka kukamwa. Ife kuwomba m'manja, wina mpaka nthungululu. Kungomasula thumba loyamba, fungo linatibweza m'mbuyo tonse. Mikodzo ya makoswe! Makatani akale opserera ndi dzuwa, oti ukangokoka pang'ono akung'ambika okha. Nsalu ya patebulo yodzaza madontho a mafuta, nsalu za pabedi zachikasu pakati, zovala zamkati zakutha, inde zamkati, ndi sokosi imodzi yopanda inzake. Pansi pa thumba panali zitosi za makoswe ndi mphemvu zakufa. Nditafunsa kuti, "Mayi, nanga izi tichite nazo chiyani?" anandiyankha uku akuseka, "Aaa asisi, si za osauka izi? Bola afunde, iwo sasankha."

Iwo sasankha! Ndani anakuuzani zimenezo? Munthu akasauka ndiye kuti mphuno yake yasiya kununkhiza? Khungu la mwana wake lasanduka lachitsulo? Chimene inu simungayalire galu wanu wapakhomo, mukufuna tikafunditse khanda la munthu? Mayi uja sanabwere kudzapereka kanthu. Anabwera kudzasesa m'nyumba mwake, ndipo anaona kuti m'malo mokumba dzenje kuseri n'kuwotcha, kuli bwino akatule kwa ife, tizimuwombera m'manja pamwamba pake. Kumeneko si kupatsa. N'kutaya, kungoti dzala lake wasankha munthu.

Ndipo musaganize kuti ndi iye yekha. Mtima umenewu uli ponseponse, kutchalitchi, kumaofesi, m'magulu a amayi. Akangomva kuti "tikusonkhanitsa za ovutika", munthu amathamangira kuchipinda chija chosungiramo zosafunika, n'kuyamba kufukula zimene zinamukanika kutaya chaka chatha. Sapita ku wadirobu kumene kuli zimene amavala, ayi, amapita kumene kuli zimene zinatha ntchito. Kaya ndi ulesi wokataya, kaya tinazolowera kaunjika mpaka tikuona ngati chovala sichifa, zimenezo akadziwa ndi eni ake. Chimene ndikunena ine n'chakuti ngati chinthu mukuchita nacho manyazi kuchipereka kwa mlamu wanu, musachipereke kwa mlendo amene simukumudziwa chifukwa choti sangakuyankheni.

Mwina ena simudziwa kuti chofunda chimodzi chimadya ntchito yotani, ndiye imvani. Chimakhala ndi magawo atatu: pamwamba pamene pali zigamba zolumikiza, pakati pamene timayala chofewa chosunga kutentha, ndi nsalu yapansi imene imakhudza thupi. Nsalu iliyonse timayamba taichapa kaye, chifukwa thonje limafupika likalowa m'madzi koyamba, komanso zitenje zina zimasuluka, chofiira n'kudetsa choyera chimene chayandikana nacho. Ikauma timasita, kenako kuyeza ndi kudula timabwalo tofanana ndendende, chifukwa ukaphonya pang'ono pokha ngodya sizikumana ndipo chofunda chonse chimapotoka. Kenako kulumikiza kamodzikamodzi, msoko uliwonse kuusita kuti ugone. Magetsi akazima timasamukira pa makina opalasa, simbi n'kukhala ya makala. Ukamaliza pamwambapo uyale magawo atatu aja pansi, ugwade, ubaye mapini ponseponse kuti zisasunthe, n'kuyamba kusoka mizere yodutsa magawo onse atatu. Pomaliza mpendero kuzungulira m'mbali monse, ambirife timaumaliza pamanja, chala chitabooka ndi singano. Msana umauma, maso amalira. Tsono ntchito yonseyi ndiichite pa katani yowola? Nsalu yofumbwa siigwira ulusi, singano ikangodutsa bowo limakula lokha. Mayi akakachapa koyamba, kufikisa ndi sopo wamtanda pa sinki ya simenti ija ya kuchipatala, chofunda chonse chimaphulika m'misoko, iye n'kutsala ndi nsanza m'manja, mwana ali pamphepo. Ndiye mwathandiza ndani pamenepo?

Ndipo tikunena ana ake ati? Lipoti limene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO ndi anzake anatulutsa mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa kubadwa kwa ana masiku asanakwane, ana 18 pa 100 alionse. Kamwana koteroko kalibe mafuta okwanira m'thupi, sikatha kudzisungira kutentha, ndipo thupi lake likatsika pansi pa madigiri 36.5 anamwino amayamba kuda nkhawa. N'chifukwa chake pali njira ija ya kangaru, imene inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, yoti mayi azimangirira mwana pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu, usana ndi usiku. Mayi ameneyo amakhala tsonga pabedi, chiperoni chikuwomba panja, mwana ali pachifuwa, ndipo chofunda chathu n'chimene amadziphimba nacho pamapewa ndi pamsana. Kamwana kamene chitetezo chake sichinakhwime, kamene kachilombo kakang'ono kokha kangathe kukatenga, inu mukuti tikakayandikize nsalu imene makoswe akhala akukodzera chaka chonse? Kodi mutu umagwira bwino? Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Akanakhala mdzukulu wanu ali pachifuwa pamenepo, thumba lija mukanalola kuti lilowe n'komwe m'chipindamo?

Kunja kumene mwambo wosoka zofunda zopereka unazika mizu, salola zopusazi. Ku America kuli bungwe la Project Linus, limene analiyambitsa Karen Loucks ku Denver mu 1995, ndipo pano lili ndi nthambi ngakhale ku Britain. Ntchito yawo ndi kupereka zofunda kwa ana odwala ndi ana amene akumana ndi zoopsa. Lamulo lawo ndi lachidule: chofunda chikhale chatsopano, chopangidwa pamanja, chotheka kuchapa, chopanda fungo la fodya. Chikalephera pamenepo sachilandira, ngakhale wopereka akhale ndi mtima wabwino chotani. Palibe amene amawanena kuti ndi odzikuza. Koma ife kuno tikangoti "pepani, ichi sitingalandire", ayamba kale kutinena kuti ndife amwano, osayamika, tikudzimva. Eya, tinenedwe. Ndilolera kutchedwa wamwano kusiyana n'kukatula zonyansa pamiyendo pa mayi amene wangobereka kumene.

Ndikudziwa wina alemba m'munsimu kuti, "Komatu zofunda za zigamba zinayamba ndi nsalu zakale." Zoona, ndipo sindikukana nsalu chifukwa choti ndi yakale. Amayi akuda a ku Gee's Bend, kamudzi ka ku Alabama m'dziko la America, ambiri mwa iwo zidzukulu za akapolo, ankasoka zofunda zawo ndi mabuluku ogwirira ntchito kumunda, madiresi akutha ndi matumba. Mu 2002 zofunda zawozo zinapachikidwa ku Whitney Museum, nyumba yoonetsera zaluso mumzinda wa New York, anthu n'kumachita kukhamukira kukaona, ndipo mu 2006 zinaikidwa pa masitampa a dziko lawo. Koma amayi amenewo ankachapa, ankasankha mbali imene idakali yolimba, yowola n'kuidula n'kutaya, chifukwa ankadziwa kuti ofunda ndi ana awo omwe. Chitenje chimene mwavala zaka zingapo koma n'cholimba, mwachichapa, mwachisita, bweretsani, tichilandira ndi manja awiri. Malaya a bambo a kunyumba amene kolala yokha ndiyo yatha, bweretsani, kumsana kwake kumatuluka timabwalo tabwino kwambiri. Chakale ndi chowola n'zosiyana, ndipo inu mukudziwa bwino kusiyana kwake, chifukwa chowolacho simunachivale, munachiponya m'thumba.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti amene amatipatsa zabwino ndi anthu oti alibe n'komwe. Pali telala wina wa pakhonde la sitolo ku Limbe, bambo wachikulire, makina ake akale a Singer, amene tsiku lina amaweruka osasoka kanthu. Iyeyu amatisungira tizidutswa totsala akamadula madiresi. Ukapita kukatenga umapeza watisanja mitundumitundu, tofiira patokha, tobiriwira patokha, watipinda bwinobwino m'jumbo yoyera, ndipo amachita kupepesa kuti, "Amayi, mwezi uno zachepa, ntchito inavuta." Munthu woti akanatha kusokera timatumba n'kugulitsa. Iye amadziwa kuti kuzizira n'chiyani, n'chifukwa chake sangapereke chinthu chonyoza. Koma wa galimoto, amene makabati ake akulephera kutsekeka ndi zitenje za misonkhano, za maukwati, za zinkhoswe, zina zoti sanazivalepo chigulireni, ndi amene akubwera ndi sokosi imodzi. Kupatsa n'kuika, anatero makolo. Ndiye inu mwaika nsanza, mudzatolanso nsanza zomwezo, musadzadabwe.

Ndipo musandiuze kuti "bola kuposa kusowa". Mawu amenewo ndi amene atiwononga. Bola kuposa kusowa, ndiye tipereke ufa wofumbwa. Bola kuposa kusowa, ndiye tipereke mankhwala otha masiku. Bola kuposa kusowa, ndiye mwana wamasiye avale nsapato za phazi limodzi. Ayi! Ngati mulibe choti mupereke, nenani kuti ndilibe, palibe amene adzakumangeni. Bwerani mudzatithandize kusita, kudula, ngakhale kulowetsa ulusi pa singano, popeza ena mwa ife maso anayamba kuvuta. Gulani kaulusi kamodzi. Koma musatisenzetse ntchito yokutayirani zinyalala, ife n'kuwononga sopo, madzi ndi tsiku lathunthu kusankha zinthu zoti pamapeto pake tikawotcha ndithu.

Tinaziona zomwezi nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene matope anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu oposa theka la miliyoni m'chigawo cha kummwera n'kusowa pokhala. Anthu ambiri anapereka ndi mtima wonse, zimenezo sindingakane, ena anavula ngakhale bulangete la pabedi pawo. Koma amene tinathandiza nawo kusankha zovala zopita m'misasa tikudziwa zimene zinkatuluka m'matumba ena. Nsapato za gogoda kwa mayi amene akuyenda m'matope ofika m'mawondo. Mabuluku opanda zipi, madiresi ong'ambika kukhwapa mpaka m'chiuno, zovala zosachapa zoti wina anavula n'kuponya momwemo. Munthu wataya nyumba, wataya ana, wagona pa simenti m'kalasi, ndiye inu mukumuonjezera chipongwe. Anthu amene aja dzulo lake anali ndi makabati awo, anali ndi zofunda zawo, ena anali ndi ntchito zabwino kuposa zanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo poti ndayamba kale, ndinene ndi za mafoni. Anthu omwewa a matumba onunkha ndi amene amakhala patsogolo tsiku lokapereka, atavala bwino, mafuta onunkhira ali guu, foni ili m'mwamba. Sanadule kachidutswa n'kamodzi komwe, sanagwire singano, koma pa chithunzi ndi amene agwira chofunda pakati, mano onse panja. Amalowa m'chipinda cha amayi oyamwitsa osaodira, osapempha, n'kuyamba kujambula mayi ali chifuwa pamtunda, mwana ali ndi kachubu m'mphuno, madzulo ake chithunzi chili pa Facebook ndi vesi pamwamba. Munamufunsa mayiyo ngati akufuna kuti dziko lonse limuone ali choncho? Mwamuna wake, apongozi ake, anthu a kumudzi kwawo aziona pa foni? Inu mutagona m'chipatala tsitsi lili nyankhalala mungalole kuti mlendo akujambuleni chifukwa wakupatsani bulangete? Ulendo uno tikamakapereka mafoni onse atsala m'chikwama pakhomo, ndipo amene sakufuna zimenezo asavutike n'kubwera komwe.