Example yakufa imathamangitsa ana ku ma board

Abale ndilankhuleko zomwe zandiwawa sabata ino. Pali mnyamata wina wa ku Ndirande amabwera kwanga ku Chilomoni Loweruka lililonse kudzaphunzira za ma board, tija timakompyuta tating'ono tochita kutilembera code, anasonkhanitsa tindalama take nkuitanitsa ka board ka ESP32 ndi ka screen ka ILI9341 kuchokera ku China, kudikira mwezi wathunthu ndi kuposa. Cholinga chake nchabwino kwambiri, akufuna kachipangizo koonetsa mphamvu yatsala mu batire ya sola pa golosale ya mayi ake, kuti magetsi akathima azidziwa ngati afika nayo usiku. Pali library, ndiye kuti code yokonzedwa kale, yotchedwa LVGL yojambulira mabatani ndi zilembo pa tima screen totere. Anapeza example yake, code yachitsanzo, yomwe munthu wina anaika pa intaneti, kukopera, kudina compile kuti code isanduke pulogalamu ya pa board, ma error ofiira mbwee screen yonse. Masiku atatu mwana akuganiza kuti mutu wake ndiye wouma, bundle kutha, mpaka anandiuza kuti achimwene mwina izi si za ife.

Mawu amenewo ndi omwe andipweteka. Chifukwa vuto silinali iye olo pang'ono. Example ija inalembedwa nthawi ya version 8 ya LVGL, iye anatsitsa version 9 yomwe inatuluka mu Januwale 2024, ndipo pakati pa ziwirizi zinthu zinasintha kobasi. Maina a malamulo a mu code anasintha, lv_btn_create inakhala lv_button_create, lv_scr_act inakhala lv_screen_active, izo nzapafupi, koma lv_disp_drv_t ija timalumikizira screen anaichotseratu, pano timayamba ndi lv_display_create. Wolemba uja sanalembe paliponse kuti code yake ndi ya version iti. Kamzere kamodzi kokha pamwamba kakanapulumutsa masiku atatu a mwana wa eni.

Ine maganizo anga ndi oti example si nyenyeswa zotsala ukamaliza ntchito yeniyeni ayi, ndi khomo lolowera. Wongoyamba kumene sawerenga documentation, amatsegula example, ikakana basi amatseka laputopu. Ndiye ngati waika example pagulu uziisamala ngati mmene umasamalira library yeniyeniyo.

Eni ake a LVGL, yomwe anaiyambitsa Gábor Kiss-Vámosi wa ku Hungary, apa ndimawagomera. Ma example ali mu folder ya examples mkati mwa library momwemo, oikidwa mwadongosolo, widgets pawokha, styles pawokha, layouts pawokha, ndipo fayilo iliyonse ikuonetsa chinthu chimodzi basi, dzina lake lomveka ngati lv_example_button_1. Library ikasintha ma example amayendera limodzi chifukwa ali nyumba imodzi. Komanso ukhoza kuwayesa pa kompyuta ndi simulator usanagule nkomwe screen, zomwe kwa ife kuno forex ikuvuta chonchi ndi chithandizo chachikulu.

Nanenso ndaphunzirapo, folder yanga ya ma example omwe ndimapatsa anyamatawa ndaiphwasula yonse. Pamwamba pa fayilo iliyonse ndikulemba version ya library, mtundu wa board, mtundu wa screen ndi ma pin omwe ndalumikiza, chifukwa ma pin a screen otchedwa CS ndi DC akasemphana umangoona screen yoyera mbee osadziwa koyambira. Ndikulembanso za memory, anthu ambiri amadumpha pamenepa. Screen ya 320 kwa 240 pa ma bit 16 imafuna ma byte 153,600 kuti isunge chithunzi chonse, ESP32 ili ndi 520 KB ya SRAM, memory yogwiriramo ntchito, koma si yonse ili yako makamaka ukayatsa WiFi, nchifukwa chake a LVGL amalangiza buffer, malo a mu memory ojambulira chithunzi chisanapite pa screen, ya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a screen. Zotere example iyenera kunena poyera, ndipo ine ma comment ena ndikulemba m'Chichewa dala.

Ena amati osafufuta ma example akale, mwina wina adzawafuna. Chabwino asungeni, koma ku branch yawo, malo apadera osungira code, yolembedwa v8 moonekera, osasakaniza ndi atsopano ngati kaunjika wa ku Limbe woti munthu azichita kufukula. Ndipo mukasintha version apangeni compile onse, limodzi limodzi, yomwe yakana ikonzedwe tsiku lomwelo kapena ichoke.

Loweruka lapitali tinakonza ya mnyamata uja, ka screen kanayaka nkuonetsa 12.4V m'zilembo zobiriwira, anakajambula nkutumizira mayi ake pa WhatsApp pompo. Amene muli mu Blantyre muno ndipo muli ndi screen ya ST7789 ndibwerekeni kwa masiku awiri, pali ma example anayi sindinawayese pa chipangizo chenicheni ndipo sindikufuna kuwapatsa ana asanayake pamaso panga.