Mtima wanu mumaudziwa, kapena mumangoumvera?

Ndikudziwa kuti ena sazilandira bwino izi, komabe ndinena: kuno ku Mangochi anthu opemphera tilipo ambiri, koma odzifufuza ndife ochepa. Adhana imatidzutsa m'bandakucha kuyambira kwa Mponda mpaka ku Makanjira, Lamulungu matchalitchi amadzaza, mapemphero ochezera sasowa. Koma munthu yemweyo, wakabaza akangomudulira kutsogolo pa mlatho wa Bakili Muluzi, pakamwa pake pamatuluka mawu oti mwana asamve. Sindikuderera pemphero ayi. Ndikunena kuti pali ntchito ina yoyenda nalo limodzi imene ambiri sitinaphunzitsidwe, ndiyo kukhala pansi n'kuona zimene zikuchitika m'mutu ndi mumtima mwathu.

Zinthu zikavuta chala chathu chimathamangira kunja: apongozi, mkazi mnzanga, anansi ansanje, wina wandilodza. Anthu oipa alipodi, sindikana. Koma ngati mtendere wanu ukudikira kuti anthu onsewo asinthe kaye, ndiye kuti mfungulo ya mtima wanu ili m'thumba mwawo. Ufulu umene ndikunena pano ndi waung'ono pouona: ndi kampata kamene kali pakati pa ganizo likabwera ndi dzanja kapena pakamwa kuchitapo kanthu. Wopanda kampata kameneka, mkwiyo ukati tukwana amatukwana, mantha akati nama amanama. Amene ali nako amauona mkwiyo ukubwera, n'kusankha yekha chochita.

Taonani mayi wina ku Namwera, bambo a kunyumba ali ku Joni. Watumiza uthenga pa WhatsApp wa fizi ya mwana. Timizere tiwiri tija tasanduka tabuluu, yankho zii. Mphindi isanathe pachifuwa patentha, pakhosi pauma, chala chikungotsegula ndi kutseka foni. M'mutu nkhani yatha kale: apeza wina kumeneko, ife atitaya. Mwana wabwera kudzafunsa za ndiwo, wakalipiridwa popanda chifukwa. Pofika madzulo voice note ya mphindi 4 yapita, yodzaza ndi mawu amene sangabwezedwe. Apa pali zinthu zitatu zosiyana zimene zamatirirana ngati chimodzi. Chimene chachitika: uthenga wawerengedwa, sunayankhidwe. Chimene mayi wadziuza: atitaya. Chimene wachita: kukalipa ndi kutumiza mawu. Choyamba chokhacho ndicho chodziwika. Chachiwiri mwina n'choona, mwina bambo ali pa ntchito yosaloledwa kugwira foni, mwina akuchita manyazi kuti alibe choti atumize. Ntchito yonse yodzifufuza yagona pa kuphunzira kulekanitsa zitatuzi zikali zotentha.

Izi si zachilendo kapena zobwera ndi intaneti. Evagrius, mmonke wa m'chipululu cha Egypt amene anamwalira mu 399, anandandalika maganizo 8 ovutitsa munthu: dyera la chakudya, chilakolako cha thupi, kukonda ndalama, chisoni, mkwiyo, mphwayi ya mumzimu, kufuna kutamandidwa ndi kudzikuza. Iye anaphunzitsa kuti kubwera kwa maganizowa sikuli m'manja mwathu, koma kuwalola kukhazikika ndiko kuli m'manja mwathu. Ku Chisilamu, Imam al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, analemba mwatsatanetsatane za kudziwerengera, ndipo anakuyerekeza ndi wamalonda: m'mawa kupangana ndi mtima wako zoyenera kutsata, masana kuuyang'anira, madzulo kuwerengera. Aliyense wopikula usipa padoko amadziwa zimenezi. Sagona asanaone kuti mpamba ulipo, phindu ndi ili, watayira apa. Wosawerengera amadzazindikira geni itagwa kale. Ndiye bwanji munthu atha zaka 40 osawerengerapo mtima wake?

Tsono kachitidwe kake. Yambani ndi mphindi 10 m'mawa, osapitirira. Nthawi yabwino ndi mukangomaliza swala ya m'bandakucha kapena pemphero lanu la m'mawa, ana asanadzuke, foni musanaitsegule. Kuno kwathu masana sathandiza, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumafoola thupi, ndipo mutangodya nsima musayese n'komwe, mungogona. Khalani pa mkeka kapena pampando, msana wowongoka koma osaumitsa, manja pa ntchafu. Ngati udzudzu ukuvuta khalani m'neti momwemo. Maso atsekeni, kapena yang'anani pansi patsogolo panu ngati kutseka kukubweretsa tulo. Foni ikhale kutali, ingotchera alamu basi, kuti musamasuzumire nthawi.

Pumani mmene mumapumira, musakoke mpweya mokakamiza. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi, choncho mphindi 10 ndi mpweya woposa 100, ndipo ntchito yanu ndi kukhala nawo umodziumodzi. Mpweya ukamatuluka werengani 1, wotsatira 2, mpaka 10, kenaka muyambirenso. Amene anazolowera tasibihi kapena kolona akhoza kugwira mkanda umodzi pa mpweya uliwonse, kapena kutchula dzina la Mulungu chamumtima m'malo mwa nambala. Masiku oyamba simufika pa 10. Pa 3 kapena 4 mupezeka muli kale kumsika, mukukangana ndi munthu amene anakulakwirani chaka chatha, kapena mukuwerengera ngongole ya ku banki m'khonde. Mukazindikira kuti mwachoka, litchuleni ganizolo ndi liwu limodzi: nkhawa, kukangana, kukumbuka, kulakalaka, kukonza za mawa. Mukatero bwererani pa 1.

Apa ndi pamene ambiri amasiyira, chifukwa amaganiza kuti cholinga n'chakuti m'mutu mukhale mopanda kanthu. Ayi ndithu. Ubongo umatulutsa maganizo nthawi zonse, ndipo kulimbana nawo kuti aleke kumangowachulukitsa. Phindu lili pa kanthawi kozindikira kaja, pamene mukuti "ndachoka" n'kubwerera. Mukachoka maulendo 30 n'kubwerera maulendo 30, mwachita ntchitoyo maulendo 30. Luso limeneli ndi lomwelo limene lidzafunike masana pamene wina wakuyankhani mwachipongwe pa mjigo: kuona kuti ganizo landitenga, n'kubwerera lisanakufikitseni patali. Ndipo dzina limene mwalitchula lija lili ndi ntchito yake. Pakatha sabata ziwiri mudzaona kuti maganizo anu si ambirimbiri monga mmene mumaganizira. Ndi atatu kapena anayi omwewo, amangosintha zovala.

Thupi limadziwa msanga kuposa mutu. Mkwiyo usanafike pa lilime umayamba wamanga nsagwada, kutenthetsa nkhope, kufupikitsa mpweya. Mantha amagwira m'mimba ndi kuziziritsa manja. Kaduka ndi kochenjera kwambiri, kamabwera ngati kulemera pachifuwa mukaona mnzanu waika chithunzi cha nyumba yamalata kapena galimoto, kenaka kamadzibisa m'mawu ooneka anzeru: "ndalama zimenezo tikudziwa kumene zachokera." Phunzirani malo amene chilichonse chimakugwirani inuyo, pakuti anthu timasiyana. Chizindikirocho chikangobwera, musayankhe musanapume maulendo 10. Pali hadisi yodziwika, mawu a Mtumiki Muhammad, yolangiza kuti wokwiya ataimirira akhale pansi, ndipo mkwiyo ukapanda kuchoka agone. Langizo limeneli ndi lanzeru kwa aliyense, Msilamu kapena Mkhristu, chifukwa thupi likasintha kakhalidwe moto umachepa. Kusamba kumaso ndi m'manja ndi madzi ozizira kumathandizanso. Pa za foni lamulo langa n'limodzi: uthenga wolembedwa mtima ukuwawa usatumizidwe tsiku lomwelo. Ugone, muuwerenge m'mawa.

Madzulo ndiye nthawi yowerengera, ndipo gawo limeneli ndimaliona lofunika kuposa la m'mawa. Ignatius wa ku Loyola, amene anayambitsa chipani cha ansembe a Jesuit ndipo anamwalira mu 1556, anasiya njira ya magawo 5: kuthokoza pa zabwino za tsikulo, kupempha kuwala kuti uone zoona, kuyenda m'tsikulo ola ndi ola, kupempha chikhululukiro, ndi kutsimikiza chosintha mawa. Onani kuti kuthokoza kuli patsogolo. Woyamba ndi zolakwa amathera pa kudzitukwana, ndipo pakapita masiku ochepa amaleka chifukwa palibe amene amakonda kukwapulidwa usiku uliwonse.

Gulani kope la ana asukulu ndi cholembera. Tsiku lililonse sankhani chinthu chimodzi chokha chimene chinagwedeza mtima wanu, mulembe mizere itatu ija: chinachitika, ndinadziuza, ndinachita. Mzere woyamba ulembedwe ngati mmene mboni yosakudziwani ikananenera. "Anandinyoza" si chimene chinachitika, ndi chimene munadziuza. Chinachitika n'chakuti anadutsa osapereka moni. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa koma ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo poyamba mudzadabwa kuti mzere woyamba ukuvuta kulemba. Amene salemba akhoza kunena mizere itatuyi chapansipansi, kapena kutsata njira ina ya Ignatius yemweyo, yosankha chizolowezi chimodzi, tinene miseche, n'kumaika kadontho pa pepala nthawi iliyonse wagwamo, kenaka kuyerekeza lero ndi dzulo, sabata ino ndi yatha. Chizolowezi chimodzi, osati zisanu. Wofuna kukonza zonse mwezi umodzi sakonza chilichonse.

Pa Lachisanu kapena Lamulungu werengani za sabata yonse, muyang'ane mzere wapakati wokha. Mudzapeza chiganizo chimodzi chikubwerezeka pa nkhani zosiyana: "akundiderera", "ndidzatsala ndekha", "anthu aziti chiyani". Chimenecho ndiye chingwe chakumangani. Chifunseni mafunso awiri: kodi ndili ndi umboni wanji, ndipo ndinayamba liti kukhulupirira zimenezi? Nthawi zambiri mudzapeza kuti chinayamba kale kwambiri, mwina muli mwana, ndipo munthu amene mwakangana naye lero anangoponda pa bala lakale.

Pali misampha ingapo yofunika kuidziwa. Wina akakhala chete masiku angapo amayamba kuona kuwala kapena kumva thupi kupepuka, n'kuyamba kuzisakasaka kapena kudzitcha woona zobisika. Zimenezo zimabwera n'kupita, si muyeso wa kanthu. Wina amayamba kuona zolakwa za anzake bwino kwambiri, n'kumawerengera mkazi wake m'malo modziwerengera yekha. Anyani amasekana zikundu, ndipo nyani wopemphera amaseka mokweza kuposa onse. Muyeso weniweni afunseni a m'nyumba mwanu pakatha miyezi itatu: kodi ndikufulumirabe kukalipa, kodi ndimapepesa, kodi mumamasuka kundiuza zoona? Msampha wina ndi wa kusandutsa kudzifufuza kukhala kuganiza kwambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti kudzifufuza kuli ndi malire, mphindi 10 kapena 15, kope latsekedwa, ndipo kumathera pa chinthu chimodzi chochita mawa. Kuganiza kwambiri kumazungulira pamodzimodzi mpaka tambala kulira.

N'kwabwino kukhala ndi munthu mmodzi womuuza zimene mukupeza, kaya ndi shehe, abusa, ansembe, ankhoswe kapena mnzanu wosunga pakamwa. Koma sankhani mosamala. Amene amakuuzani kuti mavuto anu onse achokera kwa achibale, amene akufuna ndalama kuti akumasuleni, amene akukuletsani kumwa mankhwala a kuchipatala kapena kufunsa mafunso, ameneyo akukumangani chingwe china. Mlangizi wabwino amakubwezerani kwa inu mwini, ndipo pakapita nthawi mumamufuna mocheperako.

Ndinenenso zimene njirayi siingathe, chifukwa ena amaipatsa katundu amene si wake. Kudekha si kupirira nkhanza. Mayi womenyedwa asauzidwe kuti awerenge mpweya, apite kwa ankhoswe, kwa amfumu kapena ku Victim Support Unit ya apolisi. Kudzifufuza kungomuthandiza kuona kuti mawu oti "ndine wolakwa ndine" ndi chimene wadziuza, osati chimene chachitika. Sikuthetsanso njala kapena kutsitsa mtengo wa chimanga. Ndipo ngati mwatha sabata ziwiri kapena kuposa mtima uli wosweka tsiku lililonse, tulo osabwera, chakudya osachifuna, zimene munkakonda osakusangalatsaninso, amenewo akhoza kukhala matenda ofunika chipatala. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, kapena mukamamva mawu amene ena sakuwamva, musadikire n'komwe sabata ziwirizo. Uzani munthu lero lomwe, mupite ku chipatala cha boma pa Mangochi kapena chaching'ono chapafupi, mukafunse wothandiza za matenda a maganizo. Amene anadutsa m'zoopsa, monga ngozi ya panyanja nthawi ya mwera kapena kusefukira kwa madzi, nthawi zina akatseka maso zithunzi zimabwerera mwamphamvu. Oterowo asadzikakamize. Atsegule maso, afupikitse nthawi ifike mphindi 3, kapena awerenge mapazi akuyenda pang'onopang'ono pabwalo m'malo mokhala pansi, ndipo apeze wowathandiza.

Mukadumpha tsiku, kapena sabata yathunthu chifukwa cha maliro kapena matenda, musalipire pokhala ola lonse mawa lake. Bwererani pa mphindi 10 zomwezo, mutsegule kope pa tsamba lotsatira.